Makona atatu a pepala

Takondwa ndi Madalo, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimatulukira m'nyumba mwana akatsegula mavidiyo a masamu aja pafoni. Wina wa inu anati ndi manyazi a ukalamba, wina anati n'kudzichepetsa. Si zimenezo ayi. Ndimatuluka chifukwa amandipsetsa mtima. Poti tsopano ndapuma pantchito ndipo nthawi ndili nayo yambiri, ndati ndilembe kuti mudziwe mmene zinayendera. Za ubwana wanga sindinenapo, munazimva kale mpaka kutopa nazo.

Zaka za ku Ntchisi

Ntchito ndinayambira pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Ntchisi, ndisanakwatiwe. Ahedi atandiona anafunsa ngati ndabwera kudzaphunzitsa zosoka ndi zophika. Nditati masamu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsa Fomu 1 yonse, ati tione. M'kabati ya sukulu munali kampasi imodzi yamatabwa ya pabolodi, yothyoka mwendo, ndi rula yofufutika manambala. Ana okhala ndi kabokosi ka zida za masamu anali owerengeka, ndipo choko chinkabwera mwa apo ndi apo. Ndiye zozungulira tinkajambula panja padothi, ndi msomali komanso ulusi wa thumba la feteleza. Makatoni a sopo ochokera kugolosale ya pamsika ndiwo anali mapepala athu.

Phunziro limene ndinkalikonda koposa linali la thirayango. Mwana aliyense ankadula yake mmene wafunira, wina yayitali, wina yonenepa, wina yopendekera. Kenaka ankang'amba makona ake atatu. Ndikatero ndinkafunsa kuti, makona atatuwa mukawayandikizitsa, nsonga zawo n'kukumana pamodzi, chituluke n'chiyani? Ndikafunsa ndinkangoti, "Taimani kaye," basi n'kutseka pakamwa. Ndinkayenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwa kalasi, manja kumbuyo, n'kukaima pawindo ngati ndaiwala kuti muli anthu. Poyamba munkakhala zii. Kenaka makatoni ankayamba kukwakwaza. Ndiye penapake mwana ankapuma mokoka, ataona kuti makona ake andanda mzere wowongoka. Akasuzumira kwa mnzake, wa thirayango yosiyana ndi yake, ankapeza kuti nayenso watulutsa mzere womwewo. Apo m'pamene ndinkabwerera kutsogolo kukalemba madigiri 180 pabolodi. Oyendera sukulu ankandinena kuti ndimataya nthawi, silabasi sinditha. Ine ndinkayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana anga sankalephera funso limeneli pamayeso. Anawo anandipatsa dzina loti a Taimani, akuganiza kuti sindikulidziwa.

M'kalasi ina munali mnyamata wowonda, wamanyazi, dzina lake Dalitso Kalua. Mumukumbukire ameneyu. Tsiku la thirayango iye anasokoneza nsonga, akuyandikizitsa mbali zong'ambika m'malo mwa makona, ndipo anzake onse atamaliza iye anali asanapeze kanthu. Belu la buleki linalira, anzake anathamangira zitumbuwa, iye misozi ili lengelenge. Anandipempha kuti ndingomuuza yankho. Ndinakana. Ndinakhala pa desiki loyandikana naye, tiyi wanga akuzizira kusitafu, mpaka anatembenuza katoni kamodzi n'kuona yekha. Anaseka ngati watola ndalama.

Ku Ntchisi komweko ndiko ndinapezana ndi bambo anu, ali mlangizi wa zaulimi, njinga yawo yopanda mabuleki. Zosamukasamuka za ku Dowa, ku Mchinji mpaka ku Lilongwe munali nazo limodzi, sindibwereza.

Chaka choyamba ku Nairobi

Ku Nairobi ndinapita ndili kale ndi imvi, inu nonse mutakula. Bungwe lina lopanga mavidiyo ophunzitsira ana m'zilankhulo zosiyanasiyana linkafuna mphunzitsi wa masamu wolankhula Chichewa, ndipo wina amene anandimvapo ndikuphunzitsa pawailesi anatchula dzina langa. Mtima wanga sunali kumeneko. Chinandinyamula ndi impso za bambo anu. Madokotala anali atanena kuti posachedwa adzafunika makina otsuka magazi, ndipo kwathu kuno makinawo ndi ochepa, mzere wake ndi wautali. Ntchito ya ku Nairobi inali ndi inshuwalansi yolipirira chipatala ine ndi mwamuna wanga. Musadzamve munthu akunena kuti mayi anu anatsatira madola. Ndinatsatira makina aja.

Tinapeza kanyumba ku Buruburu. Ofesi inali ku Westlands, ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera maminibasi awiri, amene kumeneko amati matatu, nyimbo zili pamwamba mpaka mano kunjenjemera, kondakitala akumenya chitseko, galimoto zitathinana pa Jogoo Road osasuntha. Mawu oyamba a Chiswahili amene ndinaphunzira anali oti "shukisha", kutanthauza kuti nditsitseni, apo ayi akanakanditula kumene sindikudziwa. Mwezi wa Julaye kunazizira moti ndinkaphunzitsa nditavala majuzi awiri. Bambo anu, masiku osapita kuchipatala, ankakhala pakhonde kukangana ndi mayi wogulitsa masamba za mmene sukuma wiki, ndiwo zonga repu, amalimidwira, iwo Chichewa, mayiyo Chiswahili, koma n'kumamvana ndithu.

Bwana wanga woyamba anali a Otieno, bambo wamkulu thupi, woseka ndi mimba yomwe, amenenso anaphunzitsapo zaka zambiri asanalowe muofesi. Ntchito inkayenda chonchi: ine ndinkalemba phunziro, achinyamata ankalijambula pakompyuta kuti zithunzi ziziyenda, kenaka ndinkalowa m'kachipinda komata masiponji kukalankhula. Chilungamo chake, tsiku loyamba kuona makona a thirayango akuchoka okha n'kukandanda mzere, ndinaomba m'manja ngati mwana. Zimene ndinavutika nazo zaka zonse pabolodi, monga kuonetsa chozungulira chikutambasula mkombero wake kuti mwana aone kuti ndi wautali katatu ndi kachidutswa kuposa kupingasa kwake, kompyuta inkazichita mosalala. Koma ndinawauza kuti pakusowa chinthu chimodzi, kudikira. Vidiyo inkafunsa funso n'kudziyankha yokha mwana asanaphethire n'komwe.

Njeri, mtsikana amene ankajambula zithunzizo, anati vuto n'lakuti pafoni pakangokhala zii munthu amaganiza kuti netiweki yathawa. Anafunsa choti aikepo pa nthawi yodikirayo. Ndinamufotokozera mwambi wathu wa nkhono uja, ndipo mawa lake ndinapeza wajambula kankhono kamaso aatali. Ndikati "Taimani kaye," kankhonoko kankayamba kukwawa m'munsi mwa chithunzi, kuchokera kumanzere. Yankho silinkabwera mpaka katafika kumanja.

Tinakayesa vidiyo ya Chiswahili pasukulu ina yamalata ku Kangemi, kotsika kuchoka pamsewu wa Waiyaki Way, tikudumpha matope. Ana anali atathinana atatu atatu padesiki, aliyense ndi chidutswa cha nyuzipepala. Kankhono katayamba ulendo, m'kalasi munamveka kukwakwaza komwe kuja kwa ku Ntchisi. Katayandikira kumapeto, ana amene anali asanamalize anayamba kukapempha kuti, "Konokono, pole pole!" Ndiko kuti, nkhono iwe, pang'onopang'ono. A Otieno anaseka mpaka kupukuta misozi. Pobwerera m'galimoto anandiuza kuti bola iwo ali pampando, nkhonoyo palibe adzaikhudze. Zaka zitatu zoyambazo ndizo zinali zokoma pa ntchito yanga yonse, ngakhale bambo anu anali atayamba kale kugona pamakina aja.

Chaka chachinayi

Mabwana a ku Gigiri amene ankapereka ndalama ku bungwe lathu anasintha, ndipo atsopanowo anati a Otieno akalamba. Anawatsanzika ndi wotchi ya pakhoma. Titamva kuti wobwera m'malo mwawo ndi Mmalawi, Amalawi a kumapemphero athu a Lamlungu anasangalala. Nditamva dzina, ine ndinasangalala kuposa onse. Anali Dalitso Kalua, tsopano ali ndi masukulu a kunja, suti ndi kamimba. Anandipatsa moni ndi manja awiri, akuwerama, ndipo anauza ofesi yonse kuti masamu anamuphunzitsa ndi Madam awa. Anabwera ku Buruburu ndi mkazi wake, atanyamula ufa woyera ndi usipa wochokera kumudzi, anakhala pafupi ndi bambo anu n'kufunsa zonse za matenda awo, masiku a kuchipatala, ngakhale za inshuwalansi. Ine ndinkafotokoza zonse ngati ndikuuza mwana wanga. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Sipanapite nthawi, anaitanitsa mitingi. Anaonetsa pakhoma girafu ya anthu oonera mavidiyo athu. Mzere unkayenda bwinobwino, koma pamene kankhono kayambira kukwawa unkagwa ngati phompho. Magirafu ndaphunzitsa moyo wanga wonse, sindinafunike wondimasulira. Ndinati mwina ena mwa ochokawo apita kukafuna pepala ndi lezala, kompyuta singadziwe zimenezo. Ndinatinso amene atsalawo ndi amene aphunzira, ndipo ngati tikufuna kudziwa zoona tipite ku Kangemi tikawapatse ana thirayango m'manja. Dalitso anamwetulira n'kunena kuti a ku Gigiri sawerenga ana odziwa thirayango, amawerenga anthu oonera vidiyo mpaka kumapeto. Achinyamata onse anayang'ana pansi. Njeri ankangozunguza bolopeni.

Nkhani yeniyeni inadza kontirakiti yanga itatsala pang'ono kutha. Dalitso anandiitanira muofesi yake, anatseka chitseko, anandithirira yekha tiyi. Anati akufuna kundiwonjezera chaka, koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, nkhono ichoke m'mavidiyo onse, akale ndi atsopano, pamodzi ndi kudikira kwake. Chachiwiri, ndilole kuti ajambule mawu anga okwanira kuti kompyuta iphunzire kulankhula ngati ine, ati kuti ndisamatope ndi kulowalowa m'kachipinda kaja. Ndikakana, ntchito ithera pomwepo, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo ndi inshuwalansi zithera limodzi.

Ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku la buleki lija.

"Ndikukumbukira, Madam," anatero. "Koma ine ndinali ndi inuyo pambali panga, ndikanathawira kuti? Mwana wa pafoni ali ndi chala. Akangoboweka amakankha, wapita. Si ine, ndi deta imeneyi, manambala a pagirafu aja."

"Ndiye ukufuna aziona yankho asanaganize?"

"Bola aone, Madam, kusiyana n'kusaona n'komwe." Anasuntha kapu yake pang'ono, osandiyang'ana. "Komanso muganizireko za adadi kunyumbaku. Kumudzi makina aja mukawapeza kuti?"

Mawu oyambawo ndikanawamva, chifukwa munthu akhoza kuganiza mosiyana ndi mphunzitsi wake, ndiko kukula. Koma omalizawo sindinamukhululukire, ndipo sindikuona ngati ndidzatha. Matenda a mwamuna wanga anawadziwira pampando wa m'nyumba mwanga, akudya chakudya changa, ndipo tsopano anawatulutsa kuti andikhomere nawo pakona.

Masana omwewo ndinapita kuchipatala. Bambo anu anali chigonere, magazi awo akuzungulira m'timapaipi, atafunda bulangete chifukwa makina aja ankawazizira. Ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza anati, "Anaphiri, tiyeni tizipita kwathu. Ine ndadya kale zaka zanga. Musagulitse pakamwa panu chifukwa cha ine." Ndinawauza kuti agone, izi si za alangizi a zaulimi. Anaseka pang'ono, koma anadziwa kuti ndaganiza kale. Ana a eni ndinkawakonda, Mulungu akudziwa, koma ana aja sindinkawaona nkhope. Amene ndinkamuona ndi munthu amene anandikweza panjinga yopanda mabuleki, ali gone pamaso panga. Sabata yotsatira ndinasaina.

Kujambula mawu kunatenga masabata angapo. Ankandipatsa ziganizo zopanda mutu kuti ndiwerenge, manambala, mayina a zinthu, mafunso opanda wowayankha. Mawu oti "wachita bwino" ndinawanena mokondwa, modekha, modabwa, mpaka anasanduka phokoso chabe m'kamwa mwanga. Mnyamata wa pamakina ankangokweza chala kuti ndibwereze. Tsiku lomaliza ndinamufunsa kuti nanga "Taimani kaye" tijambula liti. Anafufuza pakompyuta yake n'kunena kuti mawu amenewo sanamupatse.

Chaka chomaliza

Ntchito yanga inasanduka yomvetsera. Ndinkakhala ndi zomvera m'makutu tsiku lonse, kumva ine ndikuphunzitsa zinthu zimene sindinanenepo, n'kumalemba pamene kompyuta yakhotetsa liwu. Inkanditengera zonse, ngakhale kakokedwe kanga ka ku Ntchisi, koma sinkapuma. Inkafunsa kuti makona atatuwa apanga chiyani, ndipo funso lisanathe n'komwe makona anali atauluka kale, mzere wandanda, 180 ikuthwanima ndi tinyenyezi. Mzere wa pagirafu unawongoka, a ku Gigiri anakondwa, ndipo Dalitso anayamba kuitanidwa m'mahotela kukafotokoza nzeru zake. Njeri anasiya ntchito pakati pa chaka, anapita kukajambula zotsatsa malonda a sopo. Anati kumeneko bola, sanamizira kuphunzitsa munthu.

Chaka chimenecho bambo anu anachidya. Takondwa, ukukumbukira kuti unabwera ndi mwana wako Pemphero patchuthi, agogo ake n'kumutengera kukaona akadyamsonga, akuyenda ndi ndodo koma akuseka. Madalo, ndi chaka chomwecho pamene unabwera kudzationetsa bwenzi lako, bambo ako n'kumufunsa mafunso a ulimi wa fodya mpaka mwana wa eni kutuluka thukuta. Zimenezo ndinagula ndi mawu anga, ndipo atandibwezera m'mbuyo ndikhoza kugulanso.

Chaka chitatha, Dalitso anandiitananso, tiyi yemwe uja. Anati bajeti yavuta, ndipo poti kompyuta tsopano yakhwima, udindo wanga sukufunikanso. Anawonjezera kuti ndinyadire, chifukwa mawu anga adzakhala akuphunzitsa ana a Malawi ngakhale ine kulibe. Za adadi ulendo uno sanazitchule. Pa tsiku lotsanzikana anagula keke yooneka ngati thirayango, anandipatsa mpeni kuti ndidule, anthu akujambula ndi mafoni. Ndinadula, ndinagawira aliyense, koma ine sindinadye.

Zotsatira mukuzidziwa, munali pomwepo. Tinabwera kwathu mvula itangoyamba, tinalembetsa pamzere wa makina, ndipo anamwino anayesetsa mmene akanathera. Bambo anu sanaone chimanga cha chaka chimenecho chikucha. Dalitso anatumiza uthenga wa chipepeso pafoni, wautali, wokhala ndi vesi. Sindinauyankhe. Anthu amati ndikhululuke, ndine mayi wa mvano. Ndimayesa. Koma ndikakumbukira kuti amene anandiuza kusankha pakati pa mwamuna wanga ndi ana a eni ndi mwana amene ndinamudikira mpaka tiyi wanga kuzizira, pemphero limandithera pakamwa.

Chaka chino, ku Lilongwe

Mwezi wathawu, Takondwa, unandisiyira Pemphero Loweruka ukupita ku ukwati. Mwanayu tsopano ali Fomu 1, ndipo anabwera ndi foni yako yakale kuti aziwerengera mayeso. Ndili kukhitchini ndinamva mawu anga akuchokera pabalaza. Ndinafuna kutuluka monga mwa masiku onse, koma ndinati ayi, uyu ndi mdzukulu wanga, ndilimbe mtima. Ndinamufunsa kuti makona a thirayango akaphatikizidwa amakwana angati. Anayankha msangamsanga kuti 180, ndi kakokedwe kanga komwe, moti ndinachita kuseka. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati chifukwa ndi mmene zilili. Ndinamufunsa ngati thirayango yayitali kwambiri, yowonda ngati singano, nayonso ili ndi 180. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti imeneyo iyenera kukhala ndi ochepa, poti ya muvidiyo ija ndi yonenepa.

Ndinatenga katoni ya tiyi, ndinamupatsa sizasi. Anadula thirayango yake yowondayo, ndinamuuza kuti ang'ambe makona, anang'amba. Zinali ngati ndabwerera ku Ntchisi. Ndinamufunsa kuti akawayandikizitsa, nsonga n'kukumana, chituluke n'chiyani. Kenaka ndinati, "Taima kaye," ndipo ndinapita kukaima pawindo, manja kumbuyo.

Ndinadikira kumva katoni ikukwakwaza. Sindinamve kanthu. Nditacheuka ndinapeza makona atatu aja ali patebulo pamene anawasiya, iye foni ili kale m'manja, chala chikufufuza.

"Pemphero, tayesa kaye wekha," ndinatero.

Sanachite mwano, mwanayu ndi waulemu. Anangondiyang'ana mondimvera chisoni n'kunena kuti, "Agogo, inu mumachedwa. Ndifunsa agogo a mufonimu, iwowo sadikiritsa munthu."

Anadina, ndipo ndinadzimva ndikumuuza yankho. Ndinatola makona atatu aja patebulo, ndinawaika m'thumba la diresi, n'kutuluka panja.